Kompyuta ya pa mita: utility computing ndi ubale wake ndi ma web service

Tiyerekeze sukulu ya sekondale ku Chilenje yokhala ndi ana 1,500, yomwe yaganiza kuti makolo aziona zotsatira za mayeso ndi kulipira fizi pa foni. Wa IT wa pasukulupo ayenera kusankha kukula kwa seva, kompyuta yomwe izitumikira makolo onsewo pa intaneti. Pafupifupi temu yonse makinawo sasenza ntchito yolemera, koma tsiku lotulutsa zotsatira makolo onse amalowa pa ola limodzi. Seva yaing'ono idzakomoka pa tsiku lomwe ikufunika kwambiri. Yaikulu idzapirira tsiku limenelo, koma miyezi yotsalayo izingodya malaiti, pomwe ndalama yake yatuluka kale yonse, kuphatikizapo ya inverter, mabatire, makina oziziritsa chipinda ndi malipiro a woisamala. Wina ayenera kulipira mphamvu zomwe zangokhala osagwira ntchitozo, ndipo utility computing imasamutsa mtolo umenewu kuchoka kwa sukulu kupita kwa wogulitsa.

Utility computing ndi kaperekedwe ka mphamvu za kompyuta, malo osungira data ndi netiweki komwe inu simugula makina, koma mumatenga mlingo womwe mukufuna pa nthawi yomwe mukuufuna, n'kulipira zomwe mita yawerenga. Palibe amene amamanga damu lake la Kariba kuti aphike nsima pa sitovu. Timagula mayuniti ku ZESCO, mita n'kumadya malinga ndi zomwe tayatsa. Kuti ntchito itchedwe utility computing payenera kukhala makina ambiri a mwini mmodzi omwe makasitomala amagawana, payenera kukhala njira yoti kasitomala awonjezere kapena kuchepetsa yekha m'mphindi zochepa osalembera aliyense kalata, ndipo koposa zonse payenera kukhala mita. Kampani yokulipiritsani ndalama yofanana mwezi uliwonse pa seva imodzi, kaya mwaigwiritsa ntchito kaya ayi, ikungokubwereketsani makina. Ambiri amagulitsa zoterezi m'dzina la cloud, koma bungwe la miyezo la ku America la NIST, pofotokoza cloud mu 2011, linaika kuyeza kwa mita pakati pa zizindikiro zisanu zomwe ziyenera kukhalapo. Wogulitsa amapindula chifukwa makasitomala ake sapanikiza nthawi imodzi: sukulu imafuna mphamvu potseka temu, kampani yokonza malipiro a antchito kumapeto kwa mwezi, wina usiku, wina masana, ndipo makina omwewo amatumikira onse.

Ganizoli ndi lakale kuposa intaneti. Mu 1961, pa chikondwerero cha zaka 100 za MIT, John McCarthy ananena kuti tsiku lina ntchito za kompyuta zingadzakonzedwe monga ntchito ya telefoni. Nthawi imeneyo kompyuta imodzi inkadzaza chipinda ndipo inali yodula kwambiri, choncho anthu ambiri ankailumikiza pa mawaya a telefoni, iyo n'kumapatsa aliyense kachigawo ka sekondi mosinthanasinthana. Multics, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe MIT, General Electric ndi Bell Labs anayamba m'ma 1960, inamangidwa ndi cholinga chimenechi. Malondawo anazirala makompyuta ang'onoang'ono atatchipa, ofesi iliyonse n'kugula yake.

Anadzukanso luso logawa makina amodzi kukhala makina ambiri a m'pulogalamu, ma virtual machine, litafika pa maseva otchipa. IBM inali nalo kale pa makina ake akuluakulu, koma mapulogalamu a VMware ndi Xen ndiwo analifalitsa. Mu 2005 Sun Microsystems inalengeza mtengo wa dola imodzi pa ola pa purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndipo sizinapite patali. Mu Malichi 2006 Amazon inatsegula S3, yosungira mafayilo pa masenti 15 pa GB pa mwezi, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho inatsegula EC2, makina a masenti 10 pa ola. Gawo lalikulu la EC2 linalembedwa ndi gulu la akatswiri ku Cape Town, kufupi kuno. Chachilendo chinali chakuti munthu wokhala ndi khadi la banki ankayatsa makina polembera pulogalamu ya Amazon pempho, osakambirana ndi wogulitsa aliyense. Chomwe chinkalandira pempho limenelo chinali web service.

Web service ndi chiyani

Webusaiti imalembedwera maso a munthu, ndi mabatani, mitundu ndi zithunzi. Web service imalembedwera pulogalamu ina. Ili ndi adiresi pa intaneti, imalandira pempho lolembedwa m'kalembedwe komwe mbali zonse ziwiri zagwirizana, n'kubweza yankho lomwe makina angawerenge. Ndondomeko ya mapempho omwe imalola ndi kalembedwe kake ndiyo API.

Onani zomwe zimachitika kholo likadina batani lolipira fizi. Pulogalamu ya sukulu imayamba yadzizindikiritsa kwa kampani ya mobile money ndi kiyi yachinsinsi, n'kupatsidwa tokeni yomwe imatha mphamvu pakapita nthawi yochepa. Kenako imatumiza kudzera pa HTTPS, njira yotetezedwa ya pa intaneti, pempho lokhala ndi nambala ya foni ya kholo, kuchuluka kwa ndalama, chizindikiro cha kwacha ZMW, ndi nambala yapadera ya malipiro amenewo. Kampaniyo siyankha kuti ndalama zalowa. Imangonena kuti pempho lalandiridwa, chifukwa kholo liyenera kaye kulemba PIN pa foni yake. PIN ikalembedwa, kampaniyo imaitana adiresi yomwe sukulu inapereka, yotchedwa callback, kuidziwitsa kuti zatheka kapena zakanika. Apo m'pamene pulogalamu imalemba risiti ndi kuitana web service ina yotumiza SMS. Malipiro amodzi adutsa m'makina a eni atatu popanda munthu kugwira pepala. MTN ndi Airtel onse ali ndi API zotere zomwe olemba mapulogalamu amalembetsa.

Pali miyambo iwiri ya kalembedwe yomwe mudzakumana nayo. Wakale ndi SOAP, womwe umakulunga uthenga uliwonse m'kalembedwe ka data kotchedwa XML ndipo umabwera ndi fayilo ya WSDL yofotokoza pempho lililonse mwatsatanetsatane. Ndi wolemera koma wokhwima pa malamulo, ndipo ukadalipo m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi. Wina ndi REST, womwe Roy Fielding anaufotokoza mu 2000 ku University of California, Irvine. Uwu umagwiritsa ntchito mawu omwe alipo kale a HTTP, chinenero cha mawebusaiti, GET powerenga, POST popanga chatsopano, PUT posintha, DELETE pofufuta, ndipo uthenga nthawi zambiri umakhala m'kalembedwe kopepuka kotchedwa JSON. Yankho limabwera ndi nambala: 200 ndiye kuti zatheka, 401 sakukudziwani kapena tokeni yatha, 429 mwatumiza mapempho ochuluka mopitirira malire, 503 mbali inayo yalemedwa kapena yagwa. Kuyambira mu 2024 amalonda olembetsa VAT kuno akudziwa zimenezi ngakhale sanazifune, chifukwa Smart Invoice ya ZRA imafuna kuti invoisi iliyonse ilembedwe kwa iwo, ndipo masitolo okhala ndi pulogalamu yawoyawo amailumikiza kudzera pa API ya ZRA yotchedwa VSDC.

Pomwe ziwirizi zimakumana

Utility computing ikunena za mwini wa makina ndi kalipiridwe kake. Web service ikunena za njira yomwe mapulogalamu amalankhulirana. Web service itha kukhala pa seva yakale pansi pa tebulo muofesi ya pa Cairo Road, yopanda mita iliyonse, ndipo pulogalamu yakale ya maakaunti yopanda API itha kuikidwa pa makina olipira pa ola. Ndi zinthu ziwiri, koma phindu lenileni la utility computing limaoneka pokhapokha zikagwirizana.

Kuyatsa makina, kukulitsa disiki, kutsegula khomo pa netiweki, zonsezi kwa ogulitsa akuluakulu ndi mapempho a web service, ndipo ngakhale tsamba lomwe mumadinapo mabatani limangotumiza mapempho omwewo m'malo mwanu. Popeza pulogalamu ingathe kuzichita, sukulu ija itha kuika lamulo loti purosesa ikadutsa 70 peresenti kwa mphindi zisanu makina ena awiri ayake, ikatsika pansi pa 30 peresenti azime. Palibe munthu wodzuka usiku. Komanso pempho lenilenilo lasanduka yuniti ya mita. S3 imawerenga mapempho pamwamba pa ma GB. Lambda, yomwe Amazon inayamba mu 2014, sikupatsani makina konse: mumaika kachidutswa ka pulogalamu, n'kulipira kuchuluka kwa maulendo omwe kaitanidwa ndi nthawi yomwe kagwira ntchito, yomwe kuyambira kumapeto kwa 2020 imawerengedwa pa milisekondi.

Mbali yomwe ambiri amaphonya ndi kamangidwe ka pulogalamu. Kuwonjezera makina kumathandiza pokhapokha pempho lililonse lingayankhidwe ndi makina aliwonse. Ngati pulogalamu imasunga chikumbutso cha amene walowa m'makina omwe anamulandira, kholo lomwe lalowa pa makina oyamba lidzauzidwa kulowanso pempho lake lotsatira likagwera pa achiwiri. Ngati mphunzitsi waika malipoti pa disiki ya makina amodzi, enawo sawaona, ndipo makinawo akazimitsidwa ndi lamulo lija malipoti amapita nawo. Choncho chikumbutso chiyenera kukhala mu database, nkhokwe ya data yomwe makina onse amagawana, mafayilo m'malo osungira a padera monga S3, ndipo kutsogolo kukhale load balancer yogawa mapempho. Mukatero vuto limasamukira ku database. Makina 20, aliwonse otsegula njira 50 zolumikizira ku database, akufuna njira 1,000, pomwe database ya PostgreSQL yosasinthidwa imalola 100. Tsambalo lidzagwa makina onse ali bwinobwino, mita ikuwerengabe. Chofunika ndi kuchepetsa njira pa makina aliwonse, kuika pulogalamu yogawana njirazo, ndi kukonzeratu malipoti usiku kuti tsiku la zotsatira makina azingopereka mafayilo okonzeka.

Bilu

Ogulitsa amawerengera mwezi maola 730. Makina a masenti 10 pa ola osazimitsidwa amadya madola 73. Makina omwewo akakhala oyeserera, oyaka maola 10 pa tsiku kwa masiku 22, amadya madola 22. Sukulu ikawonjezera makina asanu ndi amodzi kwa masiku atatu a zotsatira, amenewo ndi maola 432, madola 43 ndi masenti 20, katatu pa chaka. Apa phindu silifuna mkangano. Koma ntchito yosasintha, monga database ya golosale yaikulu ya ku Kamwala yomwe imayaka usana ndi usiku chaka chonse, imalipira mtengo wokwera kuposa yonse ikakhala pa ola. Ntchito yotere imafuna kulonjeza chaka chimodzi kapena zitatu kuti mtengo utsike, kapena seva yanu yoikidwa mu data centre ya wina, nyumba yosungira maseva ambiri. Ife sitigwirizana ndi amene amauza kampani iliyonse kuti isamutse zonse. Yambani mwayeza kwa mwezi wathunthu momwe purosesa, memory ndi disiki zikugwirira ntchito ola lililonse, mzere ukakhala wa mapiri ndi zigwa mita ikuthandizani, ukakhala wosalala werengani kawiri.

Pali pomwe fanizo la ZESCO limatha, ndipo pamenepa m'pomwe anthu amapsa. Mita ya kunyumba ndi yolipiratu, mayuniti akatha malaiti amazima. Mita ya ogulitsa akuluakulu imawerenga kaye, bilu imabwera pambuyo, ndipo siizima yokha. Chenjezo la bajeti lomwe mumaika limangotumiza uthenga, ndipo ziwerengero zake zimachedwa ndi maola angapo. Wolemba pulogalamu akaiwala kiyi yachinsinsi m'kodi yomwe waika poyera pa GitHub, webusaiti yomwe olemba mapulogalamu amasungako kodi, akuba ali ndi mapulogalamu osakasaka makiyi otere. Amayatsa makina akuluakulu m'madera ena momwe wogulitsa ali ndi ma data centre, omwe inu simuyang'anako, n'kumakumba ndalama za crypto, bilu ikulembedwa kwa inu. Makiyi asalembedwe m'kodi, akaunti yaikulu isagwiritsidwe ntchito tsiku ndi tsiku ndipo ikhale ndi chitetezo chachiwiri cha pa foni, kiyi iliyonse ipatsidwe chilolezo cha ntchito yake yokha, ndipo madera omwe simugwiritsa ntchito atsekedwe.

Mizere ina ya bilu imabisala. Makina ozimitsidwa salipiritsa purosesa, koma disiki yake imalipiritsabe mpaka mutaifufuta, chimodzimodzi makope akale a disiki omwe palibe amawakumbukira. Kuyambira mu Febuluwale 2024 Amazon imalipiritsa theka la senti pa ola pa adiresi iliyonse ya IPv4 ya poyera, nambala yomwe makina amapezekera pa intaneti. Waukulu ndi mtengo wotulutsa data. Kulowetsa n'kwaulere, koma kutulutsa kwakhala pafupifupi masenti 9 pa GB m'madera a ku America ndi ku Ulaya, ndipo ku Cape Town n'kokwera kuposa apo. Malipoti 1,500 a 200 KB ndi 300 MB basi, sizidetsa nkhawa. Vidiyo imodzi ya phunziro ya 500 MB yoonedwa ndi ana onse ndi 750 GB, madola 67 ndi masenti 50 pa mtengo umenewo. Ndipo zonsezi ndi za dola pomwe fizi ndi za kwacha. Kumayambiriro kwa 2020 dola inali pafupifupi K14, kumapeto kwa chaka chomwecho pafupifupi K21. Bilu ya madola 500 inachoka pa K7,000 kufika pa K10,500 popanda makina amodzi kuwonjezedwa. Bajeti ya cloud yopanda malo a kugwa kwa kwacha ndi yosakwanira.

Zomwe zimalakwika panjira

Cholakwika chofala kwambiri pa malipiro chimachitika netiweki ikaduka pempho litapita koma yankho lisanabwere. Pulogalamu siidziwa ngati ndalama zachotsedwa. Ikatumizanso ndi nambala yatsopano, kholo lingalipire kawiri, ndipo mawa lake lili pa ofesi ya bursar ndi mauthenga awiri pa foni. Nambala yapadera ija ndiyo mankhwala: isungidwe mu database pempho lisanatumizidwe, pobwereza igwiritsidwe ntchito yomweyo, ndipo musanabwereze funsani kaye API kuti malipiro a nambala imeneyo ali pati. Callback nayo itha kufika kawiri kapena osafika konse, choncho pulogalamu izizindikira nambala yomwe yalemba kale, ndipo tsiku lililonse iziyerekeza zolemba zake ndi sitetimenti ya kampani ya mobile money. Pobwereza pempho lomwe lakanika, dikirani sekondi imodzi, kenako ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, ndi kusiyanitsa pang'ono nthawi pakati pa mafoni. Apo ayi mafoni onse amagogoda limodzi pa makina omwe akuyesa kudzuka, ndipo pempho lililonse lobwereza mita imaliwerenga.

Mtunda nawo umaluma. Zambia ilibe gombe, data yathu imadutsa pa zingwe za fibre m'maiko ena monga Namibia, Tanzania ndi South Africa kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Kuwala m'chingwe kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi. Johannesburg ili pafupifupi makilomita 1,200 kuchoka ku Lusaka, ndiye kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 12. London ili pafupifupi makilomita 8,000, mamilisekondi 80 pa mzere wowongoka, ndipo zingwe zenizeni zimazungulira gombe kotero nthawi imaposa pamenepo kwambiri. Tsamba lotumiza mapempho 30 motsatizana, lililonse mamilisekondi 200, limatenga masekondi asanu ndi limodzi ngakhale makina ali opepuka. Microsoft inatsegula ma data centre ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024, ndipo kusankha dera la kufupi kumachepetsa vutoli. Choipa kuposa zonse ndi kusiya database muofesi ku Lusaka pulogalamu ili ku Ulaya, chifukwa funso lililonse laling'ono limayenda ulendo wonsewo. Zingwe zimadukanso: pa 14 Malichi 2024 zinayi zinawonongeka kugombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo mu Meyi chaka chomwecho EASSy ndi Seacom zinaduka kum'mawa.

Lonjezo la 99.9 peresenti limamveka lalikulu, koma limalola mphindi pafupifupi 43 za kugwa pa mwezi. Malipiro a fizi aja amadalira eni atatu, ndipo aliyense akakhala pa 99.9, onse pamodzi ali pa 99.7, maola opitirira awiri pa mwezi. Wogulitsa akalephera lonjezo amakuchotserani kagawo ka bilu, sakubwezerani malonda omwe mwataya. Ngakhale akuluakulu amagwa: pa 28 Febuluwale 2017 lamulo la pa kompyuta lolembedwa molakwika linagwetsa S3 m'dera lake la ku Virginia kwa maola pafupifupi anayi.

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi a Kariba, malaiti ankazima maola opitirira 17 pa tsiku m'madera ambiri, ndipo ambiri anaona ubwino wochotsa seva muofesi. N'zoona, jenereta ya chipinda cha seva siifunikanso. Koma rauta, makina a pa kauntala ndi nsanja ya netiweki zikufunabe magetsi, ndipo seva yomwe ili ku Cape Town siithandiza sitolo yomwe intaneti yaduka. Pulogalamu ya pa kauntala iyenera kutha kulemba malonda pa makina ake, kuwaika pa mzere, n'kuwatumiza netiweki ikabwera, aliwonse ndi nambala yake kuti asalembedwe kawiri.

Lamulo nalo lili ndi mawu. Data Protection Act ya 2021 imati data ya anthu isungidwe ndi kukonzedwa pa seva kapena data centre ya m'Zambia, kupatula mitundu yomwe nduna ingalole kuti ikhale kunja, ndipo data yovuta monga ya thanzi la munthu ndi zidindo za zala ikhale m'dziko muno. Sukulu, chipatala kapena kampani yobwereketsa ndalama ifunse wazamalamulo isanasankhe dera. Kuno kuli ma data centre monga a Infratel, ndipo pokambirana ndi wogulitsa wa m'dziko muno mafunso ndi omwewo: kodi tingayatse ndi kuzimitsa makina kudzera pa API, kodi bilu ndi ya pa ola kapena ya pa mwezi, ndi ya kwacha kapena ya dola, magetsi a ZESCO akazima maola ambiri jenereta zili ndi mafuta a masiku angati, ndipo kope lachiwiri la data lili m'nyumba ina kapena momwemo.

Funsaninso za kutuluka musanalowe. Magetsi ndi amodzi kaya achokera ku Kariba kaya ku Kafue Gorge, koma API za ogulitsa zimasiyana, ndipo pulogalamu yomangidwa pa Lambda ndi ntchito zina za wogulitsa mmodzi imafuna kulembedwanso kuti isamuke. Virtual machine wamba, container, yomwe ndi pulogalamu yolongedzedwa pamodzi ndi zonse zomwe imafuna, ndi database monga PostgreSQL zimasamuka mosavuta. Temu iliyonse tengani kope la data, libwezeretseni pa makina a wogulitsa wina, muone ngati pulogalamu ikuyaka, ndipo mulembe nthawi yomwe zatenga. Data ya 500 GB pa laini ya 20 Mbps imafuna maola opitirira 55 kuti itsike, laini isanaduke ngakhale kamodzi.